Tsiku Limene a Mbewe Analira

Ine ndikamva kuwawa ndimakuwa. Sindiluma mano, sindiluma bulangete, sindiyang'ana kudenga ngati ndikuwerenga malata. Ndimatsegula pakamwa mpaka amene ali panja adziwe kuti muno muli munthu. Adzukulu anga amachita nazo manyazi, amati nkhalamba yonseyi kulira ngati mwana wa kusikelo. Asiyeni aseke. Khalidwe limeneli sindinabadwe nalo ayi, ndinakalitenga ku Umtali, tauni ya ku Walale, ndipo pa katundu yense amene ndinabwera naye kuchokera ku Walale, ndi lokhali limene silinathe mpaka lero.

Ndinachoka kwathu ku Dedza nthawi ya Chitaganya, nditangolowa kumene chikamwini. Msonkho unkandisowetsa mtendere, munda umene apongozi anandilozera unali miyala yokhayokha, ndipo mkazi wanga Naphiri anali woyembekezera. Ndinamuuza kuti ndikangopeza njinga ndi malata ochepa ndibwerera. Iye anangondimangira chimanga chokazinga pakansalu. Sitima ndinakakwerera ku Balaka. Inatsetsereka mpaka kuwoloka Zambezi, tinasintha ina m'dziko la Apwitikizi, kenako inayamba kukwera mapiri ili wefuwefu. Itaima ku Umtali anthu ambiri anapitirira nayo ku Salisbury. Ine ndinatsika, chifukwa tikiti yanga inathera pomwepo.

Ndinaima pasiteshoni ndikunjenjemera ndi mphepo yochokera m'mapiri, osadziwa koloza. Bambo wina wamtali, wovala ovolosi yoda ndi malasha, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, kwanu n'kuti?"

Ndinatchula mudzi.

"Ndiye ukunjenjemera chiyani, mwana wa ku Dedza? Mphepo yayamba lero? Tola kamtolo kakoko, tiye."

Amenewo anali a Mbewe. Kwawo kunali kutsidya kwa Linthipe, pafupi ndi kwathu, koma anachokako ine ndisanabadwe, ndipo kumudzi ankawawerengera kale m'gulu la matchona. Ankagwira ntchito kunjanji, yolumikiza mabogi. Sitima ya kwathu ikamafika ankazungulira pasiteshoni kufunafuna nkhope zosochera ngati yangayo. Anandigoneka ku Sakubva, komboni ya anthu akuda, m'chipinda chawo mmene tinkagona mothithikana amuna okhaokha, wina mapazi kumutu kwa mnzake. Anandiphunzitsa kuyenda ndi chitupa m'thumba la pamtima, kuyankha wapolisi osamuyang'ana m'maso, ndiponso kusapsa mtima Amanyika, eni deralo, akamatiitana kuti Manyasarandi. Anandilowetsa m'bungwe lathu la maliro, amati munthu wa kwathu asakwiriridwe ndi akaidi. Ndikapeza kangachepe kotumiza kwa Naphiri, ndi iwo ankadziwa amene akubwerera kumudzi ndipo sangakadye panjira.

Kudzanja lamanja analibe zala ziwiri. Nkhani yake aliyense ku Sakubva ankaidziwa. Akuti mabogi atawapana, anatola zalazo okha, n'kuyenda nazo mpaka kwa kapitawo wachizungu, n'kumuonetsa, osatulutsa liwu. Kumowa anthu akafuna kunena za mwamuna weniweni ankangoti, "Ngati Mbewe." Iwo akamva ankangomwa mowa wawo, koma ndinkaona kuti zikuwakomera.

Ntchito anandipezera ndi iwo, kudzera mwa mnzawo wina, pachipatala china cha m'deralo. Dzina lake sinditchula, makoma sanalakwe. Ndinayamba ndi kukolopa ndi kutaya zonyansa za odwala, kenako anandikweza kukhala odale, wothandiza anamwino m'wodi ya amuna. Anandipatsa yunifolomu ya khaki ndi kachipinda kukomboni ya chipatala. Ndinajambulitsa chithunzi n'kutumiza kumudzi, ndipo ndinamva kuti apongozi ankauza anthu kuti mkamwini wawo ndi dokotala.

Chipatalacho chinali pawiri. Mbali ina inali ya azungu, ya maluwa pakhonde ndi makatani m'mawindo. Mbali ina inali yathu, kumene mabedi akadzaza ena ankagona pansi. Pakati pake panali kanjira kofolera, ka simenti yofiira. M'manyuzipepala ankati Chitaganya chabweretsa ubale wa mitundu. Ife ubalewo tinkaupaka polishi m'mawa uliwonse.

Pali matenda amene amagwira amuna akamakula. Njira ya mkodzo imatsekeka. Munthu amaima kuseri kwa nyumba mpaka miyendo kuwawa, osatuluka ngakhale dontho, chikhodzodzo n'kumatupa pansi pa mchombo. Akasiyidwa choncho amafa, ndipo imfa yake si yabwino. Chithandizo chake chamsanga ndi paipi yaing'ono ya mphira, yofiira, imene amailowetsa m'njira ya mkodzo mpaka ikafike m'chikhodzodzo kuti madzi atuluke. Kumbali yathu ntchito imeneyi inali ya ife maodale, chifukwa namwino wamkazi sankagwira mwamuna kumeneko. Paipiyo tinkaiwiritsa, kuiviika m'kambale ka mafuta wamba oterera, basi n'kukankha.

Ndinaona amuna a mitundu yonse pabedi limenelo, a m'mafamu a fodya ku Odzi, a m'migodi, a kunjanji, Achewa, Ayao, Asena, Amanyika. Onse ankachita chimodzimodzi. Kuluma bulangete, kugwira chitsulo cha bedi, thukuta lili kamukamu, koma pakamwa pali chete. Kwathu mwamuna amene anameta kudambwe salira pamaso pa anzake. Ayao ali ndi jando lawo, enawo ali ndi zawo, koma phunziro lake ndi lomwelo. Nafenso maodale tinaleredwa momwemo, ndiye mawu athu anali amodzi: "Limbani mtima, bambo, ndinu mwamuna." Munthu akatuluka kuseri kwa nsalu osalira, anzake m'wodi ankamugwedezera mutu.

Woyang'anira wodi yathu anali dona wina amene tinamupatsa dzina lakuti Sisitala Checha. M'Chilapalapa, chinenero chimene azungu ankatilamulira nacho, mawu amene ankawakonda anali amenewo: checha, checha, kutanthauza fulumira. Sindinganame kuti anali waulesi. Ankagwira ntchito kuposa tonse, ndipo m'wodi yake simukanapeza nsikidzi. Koma ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ife sitimva kuwawa mofanana ndi iwo, ndipo umboni wake tinkamupatsa tokha tsiku ndi tsiku.

Nthawi zina kumbali ya azungu kukachepa manja ankatiitana kukagwira thireyi. Kumeneko paipi ankaika dokotala mwini. Tsiku loyamba kuona, wodwala anali mlimi wina wonenepa wa ku Odzi. Dokotala anatenga kachubu kofinya, konga ka mankhwala otsukira mano, n'kufinyira mafuta oyera m'njira ya mkodzo ya mlimiyo. Anagwira pamapeto pake ndi zala kuti mafutawo asabwerere. Kenako anangokhala. Anayamba kucheza za mitengo ya fodya, za mvula imene yachedwa, za hatchi ya munthu wina. Ine ndili chilili ndi thireyi, ndinkaganiza kuti bwana waiwala chimene tabwerera. Patapita kanthawi anatola paipi n'kulowetsa. Mlimi uja anangokwinya pang'ono pamphumi, nkhani ya fodya osaidula.

Nditabwerera ndinafunsa Jonasi, odale mnzanga wa Chimanyika amene anayamba ntchitoyo kale. Iye ankasakaniza chinenero chake ndi chathu.

"Amenewo ndi mafuta a dzanzi, achimwene. Akalowa, malowo amafa kwa kanthawi, ngati phazi ukalikhalira. Koma amafuna kudikira. Ukafulumira, hapana, sagwira."

"Nanga kuno bwanji kulibe?"

Jonasi anaseka chosasangalala. "Vanoti hatinzwi. Akuti ife sitimva."

Koma ntchito inali ntchito, mwana anali atabadwa kumudzi, ndipo ndinapitiriza kuviika paipi m'kambale kathu.

Patapita zaka, matenda aja anawapeza a Mbewe. Anabwera okha, wapansi, atagwira pamimba. Ine ndinakana kuwaika paipi. Munthu amene anandilera ngati mwana wake, ndikanamuvula bwanji? Jonasi ndiye anagwira ntchitoyo, ine ndinaima kumutu, nditawagwira mapewa, nkhope nditayang'ana kukhoma. Njira yawo inali yothina kwambiri. Paipi inakana, Jonasi n'kubweza, n'kuyesanso, n'kusintha ina yolimba. Sisitala ataima kuseri kwa nsalu ali checha, checha, chifukwa kunali odwala ena pamzere. Mapewa aja ankanjenjemera m'manja mwanga ngati a munthu wa malungo. Bulangete analiluma mpaka kulibowola. Paipi italowa, madzi oyamba kutuluka anali ofiira. Koma liwu silinamveke.

Sisitala anasuzumira n'kuwasisita paphazi. "Mushe, madala," anatero, kuwayamikira kuti ndi nkhalamba yabwino. Kenako anatembenukira kwa namwino watsopano amene ankamuphunzitsa ntchito. "Waona? Anthu awa ndi olimba. Samva ngati ife."

Patatha masiku anawachotsa paipi n'kuwatulutsa, atawauza kuti adzabwerenso kudzachitidwa opareshoni, apo ayi zidzayambiranso. Ndinawaperekeza mpaka pageti. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Muno sindidzapondamonso," n'kumapita.

Lamulungu lina m'mawa ndinapita ku Sakubva monga mwa chizolowezi, nditawatengera shuga ndi fodya. Ndili patali ndinaona amuna a bungwe la maliro atakhala panja pa chipinda chawo, zipewa zili m'manja. Mmodzi anandiuza kuti akadali moyo, koma sanataye madzi kuyambira dzana, azitsamba ayesa alephera, ndipo aliyense wotchula chipatala akumuthamangitsa.

Ndinalowa. Anali gone pamphasa, milomo itauma, m'munsi mwa mimba mutatupa ngati mayi wapakati. Ndinagwada pambali pawo.

"Bambo, tiyeni kuchipatala."

"Ndinakuuza kale."

"Mukakhala pano mufa."

"Ndikudziwa. Wawaona anzakowo panjapo? Ndawaitana ndine." Anapuma movutika. "Zala izi zinaduka kamodzi, n'kutha. Chija chimalowa pang'onopang'ono ngati waya wamoto, iwe uli maso, anthu akukuonerera. Ndinapirira kamodzi. Kachiwiri sindingathe, ndipo sindikufuna kuti Sakubva idzamve kuti Mbewe anakuwa. Ndisiye ndifere pamphasa yanga."

Apo ndi pamene ndinamvetsa. Sankaopa imfa, ndipo kuwawa kokha sikumene kunawagoneka pamphasapo. Ankaopa kulira pamaso pa anthu. Zinandimvetsa chisoni, komanso zinandipsetsa mtima kwambiri.

"Bambo, kuli mafuta ena. Akawathira, malowo amachita dzanzi. Paipi imalowa munthu akucheza."

"A azungu."

"A odwala."

"Usandinamize, iwe. Ndinakutola pasiteshoni ulibe ndi jekete lomwe."

"Ndikakunamizani mudzanditemberere. Paipi siyandikira thupi lanu mafutawo asanalowe. Ndipo ndikakuikani ndine, osati wina."

Anatsegula maso kwambiri. "Iwe? Mwana undione maliseche?"

"Ndikuoneni lero muli moyo, kapena ndidzakuoneni mawa pokusambitsani. Sankhani nokha."

Ndinkayembekezera kuti anditukwana. M'malo mwake anatembenukira kukhoma n'kunena chapansipansi, "Kaitane anthuwo." Amuna amene anabwera kudzadikira mtembo anazula chitseko, n'kunyamulirapo munthu wamoyo mpaka kuchipatala.

Mafutawo ndinalibe. Ndinalonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwanga, ndipo njira yonse ndinkadziuza kuti ndikapempha bwinobwino, munthu sangakane. Titawagoneka pabedi ndinavala yunifolomu, ngakhale silinali tsiku langa la ntchito, n'kukagogoda paofesi ya Sisitala. Ndinaima mwaulemu, manja kumbuyo. Ndinafotokoza kuti bambowa ali ngati bambo wanga, njira yawo ndi yothina, ulendo watha anataya magazi, ndipo ndikupempha kachubu kamodzi ka mafuta a dzanzi kuchokera kumbali inayo.

"Ikona," anatero, kukana. "Mafuta amenewo amachokera kutsidya kwa nyanja, si oseweretsa. Madala ameneyo ndikumukumbuka bwino. Ulendo watha sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Ukufuna kumuchiza chiyani chimene mwini wake sakuchimva? Pita ukamuike paipi. Checha."

Ndinatuluka makutu akulira. Kupirira konse kwa a Mbewe, bulangete lobooka lija, ndi kumene kunasanduka chifukwa chowamanira mankhwala. Jonasi anandiona nkhope n'kundigwira mkono.

"Unodzingwa basa, achimwene. Akuchotsa ntchito. Uli ndi mwana kumudzi."

"Wiritsa paipi," ndinatero. "Ndikubwera."

Ena pambuyo pake ankati ndinaba. Wakuba amabisa. Ine ndinayenda pakanjira kofiira kaja dzuwa likuswa mtengo, azungu odwala atakhala pakhonde akumwa tiyi. Palibe anandiimitsa, anazolowera kundiona ndi thireyi. Ndinalowa m'chipinda chosungiramo zipangizo, ndinatenga kachubu pamalo pake. Namwino wachizungu amene anali mmenemo anafunsa kuti wandituma ndani. Ndinati, "Wodwala." Ndinabwerera kachubuko ndikukagwira m'mwamba kuti aliyense akaone, ndipo sindinathamange.

Tinakoka nsalu kuzungulira bedi. Ndinasamba m'manja. Ndinati, "Pepani, bambo," n'kuwavundukula. Iwo anatseka maso, n'kukokera bulangete kukamwa. Ndinawatsuka, ndinafinyira mafutawo m'njiramo pang'onopang'ono, n'kugwira pamapeto ndi zala monga ndinkaonera dokotala akuchita. Kenako tinayamba kudikira. Za mitengo ya fodya ine sindinkazidziwa, ndiye ndinayamba kuwafunsa za kwathu, za dziwe la pa Linthipe limene anyamata ankasambiramo, ngati m'nthawi yawo munali kale ng'ona yabodza imene ankatiopseza nayo. Ndinaona kuti akumva.

Nsalu inakokedwa mwamphamvu. Anali Sisitala, namwino wachizungu uja atamuuza kale. Anaona kachubu pathireyi, nkhope n'kufiira.

"Wakuba iwe! Chotsa manja ako, tuluka muno!"

"Ndikachotsa manja mafuta atuluka, Sisitala."

"Ndiye lowetsa paipiyo tsopano lino, ndithane nawe!"

"Sanagwire. Tidikire pang'ono."

"Ukundiyankha ine?"

"Ndikudikira, Sisitala."

Chiyambire ntchito ndinali ndisanamuyang'anepo m'maso. Tsiku limenelo ndinamuyang'ana. Wodi yonse inali zii, ngakhale a chifuwa analeka kutsokomola. Anauza Jonasi kuti andichotse. Jonasi anayang'ana beseni limene ananyamula, ngati kuti mwalembedwa nkhani yofunika, osasuntha. Sisitala anatembenuka n'kutuluka, nsapato zili go go go, kukaitana dokotala ndi mlonda. Pa chinthu chimodzi chokhachi ndimamuthokoza mpaka lero: ulendo wakewo ndi umene unatipatsa nthawi imene mafutawo ankafuna.

Ndinatola paipi, ndinaipakanso mafuta omwewo. "Pumani kwambiri, bambo." Inalowa bwino, pothina paja inaima, ndinadikira kuti thupi limasuke, ndinakankha pang'ono, n'kudutsa. Madzi anayamba kugwera m'beseni la Jonasi.

A Mbewe anali atagwirabe chitsulo cha bedi, mitsempha ya m'khosi ili njo. Analankhula bulangete lili kukamwa.

"Yamba, iwe. Usandizunze ndi kudikira."

"Yalowa kale, bambo. Simukumva madzi m'beseni?"

Anatsegula maso. Anamvetsera. Anachotsa bulangete kukamwa pang'onopang'ono, n'kuliyang'ana.

"Ndinangomva ngati china chikudutsa," anatero. Kenako anafunsa, "Mafuta amenewa abwera liti?"

"Poyamba ntchito ndinawapeza alipo kale."

"Ulendo uja analipo?"

"Analipo, bambo. Kutsidya kwa kanjirako."

Chibwano chawo chinayamba kunjenjemera. Ndinaganiza kuti ndi mpumulo wa chikhodzodzo. Koma anatsegula pakamwa, ndipo kunatuluka kulira kumene sindinakumveponso kwa mwamuna, kulira kwa pamaliro. "Mayo ine! Mayo ine, amayi!" Ankaitana amayi awo amene anamwalira iwo ali kunjanji, maliro ake osawaona. Analira osabisa nkhope, misozi ikulowa m'makutu. Ine manja anali pa paipi, sindikanatha kupukuta yanga.

Sisitala anafika ndi dokotala kulirako kuli pakati. Anatambasula manja. "Mwaona? Mafuta awonongeka chabe. Ndi mafuta omwewo akulirabe."

A Mbewe Chingerezi ankachimva pang'ono. Anadzutsa mutu, n'kuloza ndi dzanja la zala zoduka lija.

"Iwe, muuze dona ameneyu. Lero sizinawawe. Ndikulira za ulendo uja. Ndinangozisunga. Ndi za zalazi, nazonso ndinasunga. Muuze!"

Ndinamuuza, liwu ndi liwu, osachotsapo kanthu. Dokotala anasuzumira m'beseni, n'kunena kuti za apolisi zisakhalepo, koma munthu wotenga katundu wa mbali ina popanda chilolezo sangagwirenso ntchito pamenepo. Dzuwa lisanalowe ndinali nditabweza yunifolomu, chitupa changa atachilemba kuti ntchito yatha.

Ndinakhalako masabata angapo ku Sakubva, ndikubisala apolisi akamayendera zitupa, ndikuyesa ntchito zina. Kulikonse ankawerenga chitupacho n'kundibwezera. Jonasi ndiye ankabwera kudzandiuza za kuwodi. Akuti tsiku lotsatira bambo wina wa kufamu ku Odzi, amene anagona bedi loyandikana ndi a Mbewe, itakwana nthawi yake ya paipi anakankha bulangete n'kunena kuti, "Ngati Mbewe walira, ine ndine ndani?" Anakuwa mpaka agalu a kukomboni kuyankha. Wotsatira wake chimodzimodzi. Wodi ya amuna, imene inkatchuka ndi bata, inasanduka ya phokoso. Sisitala anatseka zitseko, koma mawindo analibe magalasi onse. Phokosolo linkawoloka kanjira kofiira kaja n'kukafika pakhonde la tiyi, ndipo a kumeneko anadandaula kuti sakupuma bwino.

"Dzulo ndapeza kachubu pathireyi yathu," anatero Jonasi. "Kofinyidwa kale theka. Palibe wanena kanthu."

Musaganize kuti mitima inasintha. Kachubu kamodzi sikakwanira wodi, ndipo ambiri anapitiriza kuikidwa paipi ndi mafuta a m'kambale. Chimene chinawoloka kanjira kaja si chifundo, ndi phokoso. Koma ine ndinaseka tsiku limenelo mpaka m'mimba kuwawa.

A Mbewe anavomera opareshoni, ndipo anachira. Tsiku limene ndinkakwera sitima yobwerera kwathu anabwera pasiteshoni ndi ndodo, ataonda, ovolosi ikuwakulira. Anandipatsa jekete lawo. Tinaima pamalo omwe aja anandipeza.

"Ndakudyera ntchito, mwana wanga."

"Ntchito ndadya ndekha, bambo."

"Ukafika upite kutsidya, ukaone mlongo wanga ngati akadali moyo. Ukamuuze kuti ndilipo." Anayang'ana pansi. "Koma zija usakanene. Zolira zija."

Ndinavomera, ndinakwera. Sitima itayamba kuyenda ndinawaona akutsimphina kutsatira windo langa, akugogoda ndi ndodo pabogi.

"Iwe! Ukanene! Wamva? Ukanene!"

Kumudzi ndinafika wopanda njinga, wopanda malata. Mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya m'mimba, anabisala kuseri kwa nkhokwe n'kufunsa amayi ake kuti mlendoyu achoka liti. Naphiri anandilandira, koma sanalinso mtsikana wongomanga chimanga osayankha uja. Anali ataphunzira kulamula munda, kugulitsa mbatata, kukangana ndi amalume ake, ndipo anandiuza poyera kuti chithunzi cha yunifolomu sichifolera nyumba. Mlamu wanga ankauza anthu pamowa kuti dokotala wathu anamuchotsa ntchito chifukwa choba mafuta odzola a madona. Ndinamusiya. Munthu amene sanamvepo mapewa a mnzake akunjenjemera m'manja mwake ungamufotokozere chiyani?

Ndinawoloka Linthipe. Mlongo wa a Mbewe ndinawapeza akusenda nyemba pakhonde, maso atayamba kuchita khungu. Ndinawauza kuti achimwene awo ali moyo, anadwala koma anachira. Kenako ndinati, "Anandituma kuti ndikuuzeninso kuti analira. Pamaso pa wodi yonse."

Manja awo anaima. Ndinaopa kuti ndawachititsa manyazi.

"Ali mwana ankalira kwambiri," anatero. "Mbuzi ikaphedwa, kulira. Ine ndikamenyedwa, wolira anali iye. Anasiya atameta, ndipo kuchokera pamenepo sindinamudziwenso." Anatolanso nyemba. "Ndiye kuti akadali yemwe uja."

A Mbewe kumudzi sanabwerere. Anakhala zaka zina zambiri ndithu, ndipo a bungwe la maliro anadzawanyamula kachiwiri nthawi yake itakwana.

Tsopano matenda awo andipeza inenso. Ndimayenda ndi paipi, ndipo nthawi ndi nthawi ndimapita kuchipatala chapafupi kukasinthitsa. Kulibenso kanjira kofiira. Anamwino ake ndi ana akwathu konkuno, otopa, mzere uli mpaka panja. Ulendo wina ndinapeza namwino wachilendo, mwamuna wa ndevu zake. Anandigoneka, anatola paipi, n'kunena mokoma mtima, "Limbani mtima, agogo, ndinu mwamuna."

Ndinamugwira dzanja.

"Mafuta a dzanzi alipo?"

"Alipo ochepa, agogo. Timasungira amene sangathe kupirira."

"Ndine ameneyo. Thira, udikire. Ukapanda kutero ndikuwa mpaka a kumsika abwere kudzafunsa kuti wamwalira ndani."

Anaseka, ankayesa nthabwala za nkhalamba. Ine ndinakoka mpweya wonse umene watsala m'chifuwa muno, n'kutsegula pakamwa. Anathamangira kukabati.

Anathira, tinadikira, ndipo podikirapo ndinamufotokozera za a Mbewe.